Avereji 50 uku, avereji 50 uko: kodi magulu awiriwa ndi ofanana?

Moni aphunzitsi anzanga ndi nonse amene mukuonera. Tiyambe ndi funso limene ndimalemba pa bolodi ndisanatchule fomula iliyonse.

[Pa sikirini: malikisi a magulu awiri]

Ana asanu a gulu loyamba apeza malikisi awa pa mayeso: 48, 50, 50, 50, 52. Asanu a gulu lachiwiri apeza 10, 30, 50, 70, 90. Ndi gulu liti lakhoza bwino?

Ana amathamangira kuphatikiza ndi kugawa. Uku 250, kugawa ndi 5, avereji 50. Uko nakonso 50. Manja m'mwamba: "Aphunzitsi, n'chimodzimodzi!" Musawatsutse msanga, chifukwa masamu awo ndi olondola. Auzeni ajambule mzere woyambira pa 0 kukafika pa 100, kenako aike kadontho pa malikisi a mwana aliyense, gulu loyamba pamwamba, lachiwiri pansi pake.

[Pa sikirini: timadontho tikuoneka kamodzikamodzi]

Taonani. Timadontho ta pamwamba taunjikana malo amodzi, ta pansi tabalalika mzere wonse. Chotsani nambala yaing'ono pa yaikulu: gulu loyamba mpata wake ndi 4, lachiwiri ndi 80. Mpata umenewu m'mabuku amautcha range. Mphunzitsi wa gulu lachiwiri ali ndi mwana wa 10 wofunika thandizo lero lomwe, ndi wina wa 90 amene mwina akutopa ndi ntchito yomuchepera. Avereji inawabisa onse awiri.

Pamenepa ndimakakamira chinthu chimodzi: magulu onse akhale pa sikelo imodzi. Mwana akajambula gulu loyamba pa mzere wa 40 mpaka 60, lachiwiri pa mzere wa 0 mpaka 100, kusiyana kwa magulu awiriwo kumaoneka kocheperapo kuposa m'mene kulili, ndipo maso amanamizidwa. Cholakwika ichi ndimachipeza m'makope kawirikawiri, ngakhale a ana anzeru kwambiri.

Tsopano nkhani ya nambala yapakati. Ana asanu atenga mphindi izi kuti amalize ntchito: 10, 12, 12, 14, 62. Avereji ndi 22. Koma anayi mwa asanuwo sanafike n'komwe pa 22. Mwana mmodzi wa 62 uja wakokera avereji kwake. Ndandalikani manambalawo kuyambira yaing'ono, muloze ili pakati: 12. Imeneyi ndiyo median, ndipo siigwedezeka ngakhale 62 itasanduka 200. Yesani ndi ana, aone okha avereji ikuthawa pamene 12 ili pomwepo.

Wina adzafunsa ngati 62 ingofufutidwa. Ayi, ifunsidwe kaye. Kodi wolemba anafuna kulemba 26? Kodi mwanayo anatuluka panja nthawi ikuwerengedwabe? Kapena funso silinamveke kwa iye? Yankho lililonse mwa awa likutitengera kwina.

Manambala akachuluka, timadontho timathinana, ndiye pamabwera galafu ya kabokosi, imene katswiri wa ziwerengero John Tukey anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1970. Kabokosi kamasunga theka la manambala, a pakati aja, ndipo mzere wa mkati mwake ndi median. Timabokosi tiwiri pa sikelo imodzi, kusiyana kumaonekera pomwepo.

[Pa sikirini: magalafu anayi]

Ichi ndiye chimandisangalatsa kwambiri. Mu 1973, katswiri wa ziwerengero Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11, kadontho kalikonse kali ndi manambala awiri: x (chopingasa) ndi y (chokwera). M'magulu onse anayi avereji ya x ndi 9, ya y ndi 7.5, ndipo mzere wodutsa pakati pa timadontho ndi womwewo. Papepala simungawasiyanitse. Koma ajambuleni. Loyamba likukwera mobalalika pang'ono. Lachiwiri lapindika ngati uta. Lachitatu lili pa mzere wowongoka bwinobwino, kupatula kadontho kamodzi kothawira m'mwamba. Lachinayi ndiye lodabwitsa: timadontho 10 taima pa x imodzi, pa 8, ndipo kamodzi kokha kali kutali pa 19. Aonetseni ana manambala achidulewo poyamba, aganizire chithunzi m'mutu, kenako muvundukule magalafuwo.

Pomaliza mwana alembe chiganizo, osati nambala yokha. "Gulu A ndi 50, gulu B ndi 50" ine sindichonga. Ndimafuna amene walemba kuti magulu onse avereji yawo ndi 50, koma malikisi a gulu B abalalika kwambiri, kuchokera pa 10 kufika pa 90.

Ntchito ya mawa ndi iyi. Atembenuzireni funso: aliyense apeke manambala asanu amene avereji yake ndi 50 ndipo range yake ndi 20. Mayankho adzatuluka osiyanasiyana. Ajambuleni onse pa bolodi, pa mzere umodzi, ana awayerekeze.