Zofunda za zigamba za ana odwala: ntchito yake, kasokedwe kake ndi kaperekedwe kake

[Chithunzi: phiri la Dedza m'mawa, nkhungu itakuta tauni, anthu ovala majuzi akudikira basi pa msewu wa M1]

Moni owonera athu nonse. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene payambira nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera kuposa imeneyi, pamene phiri limene laima pambali pake limafika mamita pafupifupi 2,200. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julaye, mphepo ya chiperoni ikayamba kuomba, anthu a ku Bembeke, ku Lizulu mpaka ku Tsangano m'boma la Ntcheu amadziwa kuti usiku wafika wogona ndi juzi. Munthu wamkulu amapirira, koma khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena mwana wonyentchera amene wagonekedwa m'chipatala, kuzizira komweku kumatha kumutengera moyo. Mu vidiyo ino tikambirana za anthu odzipereka amene amasoka zofunda za zigamba n'kupereka kwa ana oterewa, ndipo tiona chimene chofunda chotere chimathandiza, chimene sichingathandize, ndi momwe gulu la kwanuko lingachisokere bwino.

[Chithunzi: manja a mayi akuyala nsalu zitatu pamphasa, ina pamwamba pa inzake]

Chofunda chimene tikunena chimasiyana ndi bulangete wogula m'sitolo chifukwa chili ndi magawo atatu. Pamwamba pamakhala nsalu yopangidwa polumikiza tizidutswa tambirimbiri, pakati pamakhala chinthu chofewa monga thonje lopalasa kapena bulangete wopepuka, ndipo pansi pamakhala nsalu imodzi yathunthu, imene imakhudza thupi la mwana. Magawo atatuwa amasokedwa pamodzi ndi mizere ya ulusi yodutsa chofunda chonse, kuti cha pakaticho chisamaunjikane mbali imodzi pochapa. Kufunda kwake kumachokera ku mpweya umene umatsekereka pakati pa nsaluzo, pakuti mpweya wosayenda sulola kuti kutentha kwa thupi kuthawe msanga.

M'mayiko ena ntchito yosokera ana odwala zofunda zotere ili ndi mabungwe akeake. Ku America, mayi Karen Loucks anayambitsa bungwe la Project Linus mumzinda wa Denver mu 1995, ndipo zofunda zoyamba zinapita kwa ana odwala khansa. Mu 2000, m'chigawo cha Pennsylvania, mayi Linda Arye, amene ankagwira ntchito yokongoletsa m'nyumba, ataona nsalu zachitsanzo zikutayidwa chifukwa zachoka pamsika, anayambitsa bungwe la Quilts for Kids kuti nsaluzo zizisanduka zofunda za ana a m'zipatala. Kumeneko zipatala zambiri zimakhala zofunda kale, choncho cholinga chachikulu ndi kutonthoza mwana amene wasiyana ndi kwawo n'kugona pakati pa anthu achilendo. Kwathu kuno chitonthozocho chikufunikanso, koma pali china choposa: kuzizira kwenikweni, m'mawodi amene mazenera ake ena satsekeka bwino, ndiponso m'nyumba zimene ana atatu amafunda chitenje chimodzi.

[Chithunzi: namwino akuonetsa chipangizo choyezera kutentha kwa thupi]

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo likatsika kuchoka pa 36.5 ndiye kuti mwanayo wazizidwa ndipo akufunika thandizo. Khanda limataya kutentha mofulumira kuposa munthu wamkulu, chifukwa khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, mutu wake ndi waukulu ndipo nthawi zambiri umakhala pamtunda, mafuta a pansi pa khungu ndi ochepa, komanso silitha kunjenjemera monga timachitira ife pofuna kudzifunditsa. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wolemera mochepera makilogalamu 2.5, ndiye amakhala pachiopsezo chachikulu, ndipo ana otere kwathu kuno ndi ambiri: lipoti limene WHO ndi mabungwe ena anatulutsa mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse, ponena kuti ana pafupifupi 18 pa 100 alionse amabadwa nthawi isanakwane. Mwana wonyentchera kwambiri nayenso amazizidwa msanga chifukwa thupi lake lilibe mphamvu yokwanira yoti lidzifunditse, ndipo pamalangizo osamalira ana otere m'chipatala, kupewa kuzizidwa kumabwera koyambirira ndithu, pamodzi ndi kupewa kutsika kwa shuga m'magazi.

Pamenepa ndi pamene ndikupempha kuti timvetsetsane bwino, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pa mfundo imeneyi. Chofunda sichitulutsa kutentha. Chimangosunga kutentha kumene kulipo kale. Mayi akaphika nsima n'kuivindikira m'mbale, imafika kumunda ikadali yofunda, koma nsima yozizira kale ngakhale muivindikire bwanji siitenthanso. Khanda lofooka limene thupi lake lazizira, mukalikulunga m'chofunda chokongola n'kulisiya lokha pabedi, likhoza kupitiriza kuzizira mkati mwa chofundacho, aliyense akuganiza kuti lili bwino. Khanda lotere limafuna kutentha kochokera kwina, ndipo kumene kumapezeka mosavuta ndi pachifuwa cha mayi ake.

[Chithunzi: chojambula pamanja choonetsa mayi atanyamula khanda pachifuwa, chitenje chitamanga onse awiri, chofunda chili pamapewa]

Imeneyi ndi njira ya kangaru, imene Dr Edgar Rey anaiyambitsa mumzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978 pamene makina ofunditsira makanda anali osakwanira, ndipo kuno ku Malawi inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 isanafalikire m'zipatala za m'maboma. Khanda limavala thewera, chipewa ndi masokosi okha, n'kuikidwa pakati pa mabere, khungu lake likukhudzana ndi khungu la mayi, kenako chitenje chimamanga onse awiri. Bambo, agogo kapena azakhali akhoza kulandira mayiyo akafuna kusamba kapena kupuma. Apa ndi pamene chofunda cha zigamba chimagwira ntchito yake yeniyeni, pofunda mayi ndi mwana pamodzi, makamaka usiku pamene mayi amagona chotsamira ndipo mapewa ndi msana wake zili pamphepo. Choncho gulu limene likufuna kuthandiza makanda lisoke zofunda zokwanira kukuta mapewa a munthu wamkulu, ndipo liwonjezere tizipewa ndi timasokosi toluka, chifukwa zimenezi ndi zimene khandalo limavala.

Ana okulirapo, a chaka chimodzi kupita m'tsogolo, amene agonekedwa chifukwa cha malungo, chibayo kapena kunyentchera, akhoza kufunda chofunda chawochawo. Chimodzimodzinso ana amasiye amene akuleredwa ndi agogo awo, ndi ana olumala amene amakhala nthawi yaitali atagona kapena atakhala malo amodzi. Koma khanda losakwana chaka lisagonekedwe lokha ndi chofunda chochindikala, chifukwa chikhoza kuliphimba kumaso likulephera kuchikankha.

[Chithunzi: pakhonde la telala pamsika, mulu wa mapisi a zitenje pansi pa makina]

Tsopano tione kasokedwe. Nsalu siifunika kugula yonse, popeza telala aliyense pa msika wa Dedza, wa Ntcheu kapena wa Lizulu amatsala ndi mapisi a zitenje tsiku lililonse, ndipo ambiri amangowasesa n'kuwatentha. Gulu likapangana ndi atelala awiri kapena atatu kuti aziwasunga m'thumba, limakhala lapeza kale nsalu ya pamwamba. Pa kaunjika pamapezeka nsalu zoyala pabedi ndi mabulangete opepuka, zimene zimakwanira gawo la pansi ndi la pakati. Posankha, tengani nsalu ya thonje ndipo musiye ya nayiloni, ndipo chifukwa chake n'chachikulu: m'nyengo yozizira mabanja ambiri amaotha mbaula kapena moto wa nkhuni m'nyumba, ana ambiri amapsa m'miyezi imeneyi, ndipo nayiloni ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mapisi onse achapidwe ndi sopo asanadulidwe, chifukwa chitenje chatsopano chimafupika ndiponso chimasuluka, ndipo mukachilumikiza chosachapa, chofundacho chimadzapindika tsiku loyamba kuchapa.

Chiwerengero chake n'chosavuta. Dulani katoni ya masentimita 12 mbali zonse kuti ikhale muyezo wodulira zigamba zonse. Mukasiya sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse, chigamba chimatsala masentimita 10, kotero kuti mizere 12 ya zigamba 10 uliwonse imafuna zigamba 120 ndipo imapereka chofunda cha mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi ndi masentimita 20 m'litali, chimene chimakwanira mwana wamng'ono komanso mapewa a mayi wa kangaru. Lumikizani zigamba kukhala mizere, kenako mizere kukhala nsalu imodzi, ndipo msoko uliwonse muzisita kuti ugone pansi, chifukwa misoko yotukumuka imakanda khungu la mwana wodwala. Mukatero yalani magawo atatu aja pamalo osalala, muwagwirizanitse ndi ulusi wongoyembekezera kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako musoke mizere yokhazikika yotalikirana masentimita osaposa 10. Pomaliza pindirani m'mphepete monse kansalu kolimba, pakuti m'mphepete ndi mmene chofunda chimayambira kutha. Makina opalasa ndi mwendo amagwira bwino ntchito yonseyi popanda magetsi, ndipo kumene kulibe makina, singano ndi manja zimakwanira, kungoti zimatenga nthawi.

Pali zinthu zimene wosoka aliyense amalakalaka kuikapo koma ziyenera kusiyidwa: mabatani, mikanda, zingwe zolendewera ndi mphonje. Mwana amakoka n'kuika m'kamwa chilichonse, ndipo ulusi wautali ukhoza kumanga kachala ka khanda mpaka magazi kusiya kuyenda. Chofunda chisapite kukaperekedwa anthu awiri asanachipapase ndi manja mbali zonse kufufuza singano kapena pini yoiwalika. Kenako chichapidwe komaliza, chiyanikidwe pachingwe padzuwa osati pansi, ndipo chisitidwe ndi simbi yotentha bwino, chifukwa ntchentche imene imabweretsa mphutsi za pakhungu imaikira mazira pa zovala zonyowa, ndipo kusita kumapha mazirawo.

[Chithunzi: amayi atakhala mozungulira m'holo ya tchalitchi, wina akudula, wina akusita, wina ali pamakina]

Anthu ogwira ntchitoyi alipo kale. Amayi a Chigwirizano ndi a Mvano mu mpingo wa CCAP, amayi a Chikatolika, amayi a Dorika, amayi a Chisilamu ndi magulu a banki mkhonde amakumana sabata ndi sabata, ndipo ambiri a iwo kuyendera odwala ndi udindo umene anautenga kalekale. Ntchitoyi imagawika bwino, moti amene sadziwa kusoka amachapa, kudula ndi kusita. Abambo asadzipatule, popeza atelala ambiri m'misika yathu ndi amuna, ndipo ola limodzi la telala waluso pamakina limafupikitsa ntchito imene gulu likanaigwira tsiku lonse.

Gawo limene magulu ambiri amalakwitsa ndi kaperekedwe. Musanadule chigamba choyamba, tumizani anthu awiri akaonane ndi namwino wamkulu wa wodi ya ana kapena ya makanda, kaya ndi pa chipatala cha boma cha Dedza, cha Ntcheu, cha mishoni ku Mua kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko, akafunse kukula kumene kukufunika, kuchuluka kwake, ndiponso ngati chofundacho mwana azipita nacho kwawo kapena chizitsala m'wodi. Funso lomalizali ndi lofunika, chifukwa nsalu yochoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake osachapidwa bwino imanyamula matenda, ndipo achipatala ndiwo akudziwa ngati angathe kuchapa. Maganizo anga ndi akuti chofunda chizikhala cha mwanayo n'kupita nacho kwawo, pakuti khanda lotuluka m'chipatala mu Julaye likupita kunyumba yozizira kuposa wodi imene lachokamo, ndipo mayi amayenera kupitiriza kangaru kumudzi mpaka mwana atalemera mokwanira. Kwa ana a m'midzi, alangizi a zaumoyo, mafumu, alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu ndiwo amadziwa makomo amene akusowadi, ndipo kudzera mwa iwo kumathandiza kuti zofunda zisamangopita kwa abale a anthu a m'gulu.

Nkhani ya zithunzi nayo tisaizembe. N'zomveka kuti gulu limafuna kuonetsa ntchito yake pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti ena alimbikitsidwe, koma mwana wodwala si chionetsero, ndipo mayi amene walandira mphatso amavutika kukana kujambulidwa ngakhale mumtima sakufuna. Jambulani zofundazo, jambulani osoka ali pantchito, koma nkhope ya mwana, dzina lake ndi matenda ake zisiyeni m'wodi. N'chifukwa chake mu vidiyo ino mwaona zojambula pamanja m'malo mwa ana enieni.

Popereka, mayi kapena woyang'anira wodwala auzidwe mwachidule kuti nkhope ya mwana izikhala pamtunda nthawi zonse, kuti chofunda chikanyowa ndi mkodzo chichotsedwe pomwepo chifukwa nsalu yonyowa imazizira kuposa kukhala opanda, kuti neti yoteteza ku udzudzu ikufunikabe, ndiponso kuti mwana amene manja ndi mapazi ake akuzizirabe, kapena wasiya kuyamwa, apite naye kuchipatala msanga osadikira kuti kuche. Gulu limene likufuna kuti zofunda zake zifike kuzizira kusanayambe liyambe kutolera mapisi mu Januwale, lisoke mu Febuluwale ndi Malichi, ndipo lichape ndi kuyanika mu Epulo mvula ikamatha, kuti pofika Meyi zikhale zili kale m'manja mwa anamwino.