Mmene hydrogen peroxide imatsanzirira insulin m'maselo

Takulandirani nonse. Ambiri mumaidziwa hydrogen peroxide ngati mankhwala otsukira mabala amene amachita thovu akakhudzana ndi magazi. Komatu m'zaka za m'ma 1970, Michael Czech ndi anzake anaona kuti mankhwala omwewa akafika pa maselo a mafuta a makoswe, maselowo amayamba kukoka shuga ngati kuti alandira insulin. Kodi kanthu ka maatomu 4 okha kangagwire bwanji ntchito ya homoni yopangidwa ndi ma amino acid (tizigawo tomangira mapuloteni) 51?

Tiyambe ndi mmene insulin imagwirira ntchito. Insulin ikafika pa selo imamatirira ku puloteni yoilandira imene ili pakhungu la selolo, ndipo mbali yam'kati ya puloteniyo imadzimata timagulu ta phosphate pa amino acid yotchedwa tyrosine. Kuchokera pamenepo uthenga umadutsa pa mapuloteni a m'selo otchedwa IRS, PI3K ndi Akt, kufikira timapuloteni ta GLUT4 titasamukira pakhungu la selo n'kutsegulira shuga njira yolowera.

Tsono m'selo momwemo muli enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa PTP1B, imene ntchito yake ndi kuchotsa timagulu ta phosphate tija, moti tingaiyerekeze ndi mabuleki a uthenga wa insulin. Mphamvu yake yonse yagona pa amino acid imodzi, cysteine ya nambala 215, yomwe sulufule wake sachedwa kugwirana ndi okosijeni. Hydrogen peroxide ikafika pamenepo imamata okosijeni pa sulufuleyo, enzyme ija n'kuima. Popeza puloteni yolandira insulin imamatabe phosphate pang'onopang'ono ngakhale insulin palibe, timagulu timeneti timayamba kuunjikana chifukwa wotichotsa wafooka, ndipo selo limachita zonse ngati lalandira uthenga. Zomwezi zimaichitikiranso PTEN, enzyme ina imene imafufuta ntchito ya PI3K. Choncho mawu oti kutsanzira tiwamve bwino: hydrogen peroxide sikhala pamalo a insulin ayi, imangomasula mabulekiwo.

Chochititsa chidwi kwambiri, m'kuona kwanga, n'chakuti selo limagwiritsa ntchito njira yomweyi mwadala. Mu 1979 James May ndi Christoph de Haën anasonyeza kuti maselo a mafuta amapanga okha hydrogen peroxide akalandira insulin. Mu 2001 gulu la Barry Goldstein ku Philadelphia linapeza kuti hydrogen peroxide imeneyi imaimitsa PTP1B kwa kanthawi, ndiponso kuti ikachotsedwa ndi catalase, enzyme yomwe ija imachititsa thovu pabala, uthenga wa insulin umafooka. Mu 2004 gulu lomweli linaloza enzyme ya Nox4 kuti ndi gwero lina lofunika la hydrogen peroxide imeneyi.

Kuti zimenezi zikhale uthenga osati chiwonongeko, kuima kwa PTP1B kuyenera kukhala kwa kanthawi, ndipo mapuloteni monga thioredoxin amabwezera sulufule uja mwakale kuti PTP1B iyambirenso ntchito. Koma hydrogen peroxide ikachuluka n'kukhalitsa, monga zimachitikira shuga ndi mafuta zikamakhala zochuluka m'magazi kwa nthawi yaitali, zinthu zimatembenuka. Ma enzyme monga JNK amadzuka n'kumata phosphate pa amino acid yotchedwa serine ya IRS, zimene zimatsekereza uthenga, ndipo maselo amayamba kusamvera insulin, lomwe ndi vuto lalikulu pa matenda a shuga a mtundu wachiwiri.

Tisanatseke, tichenjezane. Zonse tafotokozazi zimachitika ndi mlingo wochepetsetsa, m'kati mwa selo, pamalo ake ndi pa nthawi yake. Hydrogen peroxide ya m'botolo sichiza matenda a shuga, ndipo munthu akaimwa ingathe kumuwotcha kummero ndi m'mimba, pomwe yamphamvu kwambiri imatulutsa mpweya umene ungathe kutseka mitsempha ya magazi.