Chipangizo chimodzi chikabala zisanu: mutu umawawa pa firmware

[Kamera ikuonetsa tebulo lodzaza mabolodi ndi mawaya]

Moni nonse, makamaka inu abale a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose amene mumandilembera m'Chichewa. Taonani kabolodi aka. Kamakhala m'kati mwa chipangizo chotchajira batire la sola, zimene zafala muno mu Harare chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Kachipu kakuda aka kali ndi pulogalamu yakeyake yotchedwa firmware. Ndiyo imadziwa kuti batire lakhuta, lisalandirenso moto.

Kampani ikamapanga chipangizo chimodzi, zonse zimayenda myaa. Chipwirikiti chimayamba abwana akati, "Tipange china cha 48V, china chikhale ndi Wi-Fi." Pofuna kufulumira, munthu amakopera foda yonse ya khodi (malangizo olembedwa amene amapanga firmware) n'kuisintha pang'ono. Chaka chikamatha, mafoda ali asanu. Tsiku lina mwapeza kuti khodi ikulakwitsa powerenga kutentha kwa batire. Mwakonza mu foda imodzi, zinayi zija zikudwalabe, ndipo palibe akukumbukira pamene zinasiyanira. Ine ndinagona ku ofesi masiku awiri chifukwa cha zimenezi, ndipo sindifuna kuti zigwere mnzanga wina.

Mu 2021 machipu anasowa padziko lonse, ndipo a mtundu wotchuka wotchedwa STM32 ankachita kulimbiranidwa. Amene khodi yawo inali yolukanalukana ndi chipu chimodzi anavutika koopsa posamukira ku china.

[Akujambula mizere iwiri papepala]

Chimene ndimalimbikitsa n'chakuti khodi igawidwe pawiri. Mbali yolankhula ndi chipu, mapini (timiyendo ta chipu) ndi masensa (tizida toyezera zinthu ngati kutentha) ikhale payokha. Nzeru yosamalira batire ikhale imodzi basi, mu Git imodzi (nkhokwe yosungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake), zipangizo zonse zizimwa pachitsime chomwecho. Mwachitsanzo Zephyr, pulogalamu yomangirapo firmware imene bungwe la Linux Foundation linayamba kuisamalira mu 2016, imagwiritsa ntchito njira yotchedwa devicetree: bolodi lililonse lili ndi fayilo yofotokoza mapini ake, khodi yaikulu simuikhudza. Ndipo munthu akasintha mzere umodzi, kompyuta izimanga yokha firmware ya mabolodi onse asanu, kuti ngati mwaswa la 48V mudziwe lero lomwelo.

Tsono pali china chimene chimandisowetsa tulo kuposa zonsezi: kutumiza firmware yatsopano kudzera pa intaneti. Zipangizo zili kale pamakoma a anthu ku Budiriro ndi ku Chitungwiza. Netiweki ikaduka kapena batire likatha pulogalamu ili theka, chipangizo chikhoza kusanduka njerwa, osayakanso, mayi amene anachigula ndi ndalama za thukuta n'kugona mumdima. N'chifukwa chake bootloader (kapulogalamu kamene kamadzutsa firmware chipangizo chikayatsidwa) ngati MCUboot imasunga malo awiri, a firmware yakale ndi a yatsopano. Yatsopano imalowa pambali, imayesedwa kaye, ndipo ikalephera kudzitsimikiza, chipangizo chimabwerera ku yakale. Zimadya malo ambiri mu flash, mosungira pulogalamu mu chipu, inde, koma ine chipu chocheperapo sindingachivomerenso.

[Akuzula waya wa moto pamene firmware ikulowa, kenako akuulumikizanso]

Dikirani pang'ono. Mwakaona kagetsi kobiriwira? Kadzuka ndi yakale ija.