Makalata a Omvera: "Aphunzitsi akuti ndine wakuda kwambiri"

Takulandirani omvera nonse, kaya muli pamoto, kaya mu minibasi, kaya mukusita zovala za mawa. Sabata yatha ndidangotchulako pang'ono za Viola Davis, mayi wa ku America wosewera zisudzo pa kanema, ndikuganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo. Ayi ndithu, thumba ladzaza. Ena mwalemba papepala, ena pa WhatsApp, ena mwalemba pakati pa usiku moti zilembo zikuchita kuonetsa kuti mumawodzera.

Tiyambe ndi bambo a ku Balaka. Akufunsa ngati mayiyu ndi loya weniweni, chifukwa iwo ali ndi mlandu wa malo. Pepani bambo, ndi sewero chabe. Annalise Keating ndi dzina la loya amene Viola adasewera m'sewero la How to Get Away with Murder. Mlandu wanuwo yambani nawo kwa anyakwawa. Komanso mutaona chipwirikiti chomwe chimatsata loya ameneyu, simungamufune pa nkhani ya munda.

Achimwene a ku Mzuzu akufunsa tanthauzo la EGOT. Ndi zilembo zoyamba za mphoto zinayi: Emmy ya pa wailesi yakanema, Grammy ya zojambula mawu, Oscar ya mafilimu, ndi Tony ya zisudzo za pa siteji. Viola adazikwanitsa zonse mu 2023. Ndapita.

Tsopano kalata iyi. Ndaiwerenga katatu kunyumba, ndipo kachitatuko tiyi adandizizirira. Yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Thyolo. Dzina lake ndi la sukulu yake sinditchula.

"Anti, ndili ndi zaka 16 ndipo ndimakonda zisudzo kuyambira ku pulayimale. Chaka chino tikukonzekera mpikisano wa masukulu. Ine ndidaloweza mawu onse a mkazi wa mfumu. Koma aphunzitsi oyang'anira kalabu yathu adanena pamaso pa anzanga kuti malo amenewo akufuna mtsikana woyererako, ine ndikhale wantchito wa m'nyumba chifukwa ndine wakuda kwambiri, pa siteji sindioneka. Onse adaseka. Mnzanga wandipatsa mafuta oyeretsa khungu. Ali m'chikwama changa, sindinayambe kudzola. Kodi Viola Davis uja munkanena naye adakumanapo ndi zotere? Ndidzole?"

Mwana wanga, ndiyambe ndi funso lomalizalo. Usadzole. Botololo litulutse m'chikwama lero lomwe, zina tikambirana bwinobwino.

Funso lina lija, eya, adakumana nazo, mwinanso zoposa zako. Viola adabadwa mu 1965 ku St. Matthews m'chigawo cha South Carolina, pa munda wa agogo ake, koma adakulira ku Central Falls ku Rhode Island. Anali wachisanu mwa ana asanu ndi mmodzi. Bambo ake ankasamalira mahatchi, mayi ake ankagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafakitale. Tikamva kuti America timaganiza kuti aliyense amadya nkhuku tsiku ndi tsiku, koma nyumba yomwe ankakhala inali ya makoswe, moti iye ndi azichemwali ake ankadzikulunga nsalu m'khosi pogona kuti asalumidwe. Njala inkamupangitsa kusaka chakudya m'mabini. Mwini wake amanena poyera, osabisa, kuti ankakodza pogona mpaka zaka 14, ndipo masiku ambiri ankapita kusukulu osasamba chifukwa kunalibe sopo kapena madzi otentha m'nyengo yozizira. Akaweruka, gulu la anyamata linkamuthamangitsa, kumugenda ndi kumutukwana chifukwa cha khungu lake. Panthawiyo anali kamwana ka zaka zisanu ndi zitatu.

Chomwe chidamutsegula maso ndi kanema. Tsiku lina adaona Cicely Tyson, mayi wakuda ngati iyeyo, akusewera pa wailesi yakanema, ndipo adati mumtima: kani munthu wooneka ngati ine atha kuima pamenepo? Ukuona, mwanawe, chifukwa chake aphunzitsi ako andikhumudwitsa. Mu holo ya mpikisanoyo mudzakhala tiatsikana ta Fomu 1 takuda ngati iwe, tikuyang'ana kuti mkazi wa mfumu amaoneka bwanji.

Koma ndisakunamize kuti zidangoyenda. Adaphunzira ku Rhode Island College, kenako ku Juilliard ku New York, sukulu yovuta kulowa, komwe adamaliza mu 1993. Ndi maphunziro onsewo, kwa zaka zambiri pa kanema ankangopatsidwa timalo ting'onoting'ono, lero nesi, mawa wapolisi, mkuja mayi wa mwana wovuta. Pa siteji adapata Tony mu 2001, koma kunja kuno sitinkamudziwa. Mu 2008, mu filimu ya Doubt, adaonekera mphindi pafupifupi zisanu ndi zitatu zokha, akuyankhulana ndi Meryl Streep, misozi ndi mamina zikutsika iye osapukuta. Mphindi zimenezo zidamuika pa mndandanda wa opikisana pa Oscar. Mphindi zisanu ndi zitatu, nthawi yosakwana kuphika nsima ya banja.

Ndipo tamvera izi. Mu 2011 nayenso adasewera ngati wantchito wa m'nyumba, mu The Help. Adasewera mwaluso mpaka kupikisananso pa Oscar, ngakhale pambuyo pake adanena kuti filimuyo imamudandaulitsa chifukwa mawu a antchitowo sadamveke mokwanira. Choncho sindikunyoza malo a wantchito, mayi ake omwe anali wantchito. Chondinyansa n'chifukwa chimene wapatsidwira malowo.

Malo aakulu pa wailesi yakanema adawapeza mu 2014, ali ndi zaka 49. Sewero lake ndi lija la How to Get Away with Murder, lomwe lidayenda pa kanema wa ABC mpaka 2020. Lisanayambe n'komwe kuonetsedwa, wolemba wina mu nyuzipepala ya New York Times adalemba kuti kukongola kwa Viola sikufika pa kwa anzake oyererako. Ukuona? Aphunzitsi ngati akowo aliponso ku New York, amangovala masuti odula. Nanga iye adatani? M'gawo lachinayi la chaka choyamba cha seweroli muli pamene Annalise afika kunyumba usiku, akhala pagalasi, avula wigi, achotsa nsidze zomata, natenga kansalu kupukuta zodzola zonse pang'onopang'ono, mpaka kutsala nkhope yake yeniyeni ndi tsitsi lake lalifupi. Viola ndiye adaumirira kuti zimenezi zikhalemo. Ine nditaona, ndidagwira mpango wanga kumutu, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Chaka chotsatira, 2015, adakhala mkazi wakuda woyamba kupata Emmy ya wosewera wamkulu m'masewero a mtundu umenewu, mphotozi zitaperekedwa kwa zaka zoposa 60. Poilandira adanena kuti chosiyanitsa akazi akuda ndi ena onse ndi mwayi basi. Ndipo amene ankasewera ngati mayi ake a Annalise anali Cicely Tyson yemwe uja.

Ndiye ukachite izi. Pita kwa aphunzitsi aakazi amene umawakhulupirira, kapena kwa ahedi, ukafotokoze mwaulemu zomwe zidanenedwa, ndipo ukapemphe kuti nonse ofuna malowo muyesedwe pamaso pa anthu. Akakana, usachoke m'kalabumo. Ukasewere wantchitoyo mpaka oweruza aiwale kuti panali mkazi wa mfumu.

Inu aphunzitsi, ngati mukumvera, ndikudziwa ntchito yanu ndi yolemetsa ndipo kalabu ya zisudzo mumaiyendetsa popanda kangachepe. Koma mawu aja munalakwitsa. Ngati mwana saoneka pa siteji, vuto ndi magetsi a mu holo, kakonzeni babu. Mukapepese kwa mwanayu pamaso pa omwe adaseka aja.

Ndipo poti tafika pamenepa, ndiloleni ndilalikireko pang'ono, chifukwa si kalata yoyamba ya mafuta amenewa mwezi uno. Ana athu sabadwa akudana ndi khungu lawo, timawaphunzitsa ndife. Mwana akabadwa, azakhali amathamangira kuyang'ana makutu kuti aone ngati adzade. Pachinkhoswe mumamva, "Apeza mkazi woyera bwino." Mwana akalakwa timamutukwana kuti wakuda ngati makala, ndiye mawa tikudabwa kuti ndalama ya sopo wagulira botolo la pamsika. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a zotupa. Khungu limapyapyala, limatuluka mitsempha, likakumana ndi dzuwa la mu Okutobala limapsa zigamba zakuda zosachoka, ndipo mercury amakawononga impso. Mapeto ake ndi aja timawaseka kuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Timaseka, koma amene adawakankhira kumeneko ndi ife tomwe. Nanunso abambo, musamangoti "ife sitiwauza." Maso anu pa msewu amawauza.

Chabwino, ndatsika pa guwa, chopereka sindilandira.

Mayi a ku Area 25 ku Lilongwe akufunsa ngati Viola adafikapo ku Africa. Adafika. Ali ku Juilliard adapita ku Gambia, ndipo filimu ya The Woman King ya 2022, yonena za asilikali aakazi a ufumu wa Dahomey, idajambulidwa ku South Africa. Achibale athu a ku Joni mwina mudaphonyana naye pamsewu.

Mnyamata wina wa ku Zomba akufuna kudziwa ngati mayiyu ali pabanja. Ali pabanja ndi Julius Tennon kuyambira 2003. Iwe kawerenge, mayeso ayandikira.

Yomaliza yachokera kwa bambo a ku Chirimba, akudandaula kuti akazi awo amaonera masewerowa mpaka ndiwo kupserera. Bambo, mwalemba kalata ya masamba awiri ndi dzanja labwinobwino. Dzanja lomwelo litha kutakasa mphika.

Mtsikana wa ku Thyolo, undilembere mpikisano ukatha, ndikufuna ndimve kuti zidayenda bwanji. Nthawi yatithera, timvere nyimbo.