Makalata a Omvera: Khadi la Medicare Si Bulangete

Sabata ino thumba lathu ladzaza ndi makalata a abale athu okhala ku America, ndipo ambiri akufunsa za Medicare, inshuwalansi ya zaumoyo imene boma la dzikolo linakhazikitsa mu 1965 pothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ndiyamba ndi kalata imene yandisowetsa mtendere.

Bambo wina wa ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, walemba kuti: "Ndinapuma pantchito mwezi watha ndili ndi zaka 67, ndipo ndinalembetsa kale Medicare. Mayi a kunyumba anakwanitsa zaka 65 chaka chatha, koma inshuwalansi ya kuntchito kwanga ndi imene inkatisamalira tonse. Kodi khadi langali silingawakwanirenso iwowo?"

Bambo, khadi la Medicare si bulangete loti mufunde awiri. Munthu aliyense amalembetsa payekha kudzera ku ofesi ya Social Security, ngakhale mutakhala m'banja zaka makumi anayi. Mwayi wanu ndi wakuti popeza mayiwo anali pa inshuwalansi ya kuntchito kwanu, lamulo limawapatsa miyezi isanu ndi itatu kuchokera pamene ntchitoyo kapena inshuwalansiyo inatha kuti alembetse popanda chilango. Gawo A, lolipira munthu akagonekedwa m'chipatala, angalipeze mosalipira kanthu pamwezi chifukwa cha msonkho wanu, ngati inu munagwira ntchito zaka khumi. Gawo B, la madokotala, limalipiridwa mwezi uliwonse, ndipo mu 2025 ambiri ankapereka madola 185. Mukazengereza, mtengowo udzakwera ndi 10 peresenti pa chaka chathunthu chilichonse chimene mwachedwa, ndipo chilangocho amachisenza moyo wonse.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi chakuti simunatchulepo za inshuwalansi yowonjezera. Gawo B limalipira 80 peresenti yokha, ndipo yotsalayo ilibe malire, choncho matenda aakulu angathe kudya ndalama zonse zimene munasungira nyumba ya kumudzi. Mayiwo akangoyamba Gawo B, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yoti agule inshuwalansi yowonjezerayo, yotchedwa Medigap, ndipo m'nthawi imeneyi kampani siingawakane kapena kuwakwezera mtengo chifukwa cha shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ikadutsa, m'zigawo zambiri kampani zimayamba kufunsa mbiri ya matenda.

Pano ndidzudzule pang'ono, chifukwa makalata otere ndalandira angapo. Abambo ambiri mumatsekera mapepala a banja m'chikwama ngati kuti akazi anu ndi ana, pamene thupi limene likukambidwa ndi lawo, ndipo mankhwala amene amamwa amawadziwa okha. Khalani nawo pansi, kapena pitani limodzi kwa alangizi a SHIP, othandiza anthu pa nkhani za Medicare, amene amapezeka m'chigawo chilichonse ndipo salipiritsa.

Mayi wa ku Dallas akufunsa ngati Medicare ingawalipirire akadwala ali kutchuthi ku Malawi. Kawirikawiri siigwira ntchito kunja kwa America, mayi, ngakhale mitundu ina ya Medigap, monga G ndi N, imathandizako pa matenda adzidzidzi m'masiku 60 oyambirira a ulendo.

Bambo wa ku Seattle akufuna kukhala ndi Medicare Advantage (Medicare yoperekedwa kudzera ku kampani za inshuwalansi) pamodzi ndi Medigap. Ziwirizi sizigwira ntchito limodzi, bambo, sankhani chimodzi. Ndipo kwa agogo amene akudandaula kuti mankhwala awo achotsedwa pamndandanda wa Gawo D, lolipira mankhwala, nthawi yosinthira inshuwalansiyo imayamba pa 15 October mpaka pa 7 December.