Za ku Joni: kiyi wa chipinda chanu ali ndi anthu angati?

Moni abale ndi alongo nonse amene mukumvera, kaya muli m'takisi kupita kuntchito, kaya muli kumudzi mwazungulira foni imodzi pakhonde. Ndikulankhula kuchokera ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg, m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba ya eni. Lero tikambe za akuba, chifukwa chaka chikamapita kumapeto chonchi mauthenga amene mumanditumizira amakhala a madandaulo okhaokha: andithyolera, andikokolola, ulendo wa kumudzi wafera m'mazira.

Ambirife masana timagwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Sandton, ku Fourways, ku Bryanston. Kumeneko mpanda ndi wautali, pamwamba waya wamagetsi, ukangodina batani galimoto ya alonda amfuti yafika pageti. Madzulo timabwerera ku Turffontein, ku Mayfair, ku Yeoville, ku Diepsloot, kukatsegula chitseko choti munthu akhoza kuchigwetsa ndi phewa. Za mabwanazo sitingazithe, tizisiye. Mmene ndaonera ine, wakuba wolowa m'chipinda cha Mmalawi sabwera mongoyerekeza. Amakhala akudziwa nthawi imene mumachoka, akudziwa zili mkatimo, ndipo nthawi zina kiyi ali naye kale m'thumba.

Tulutsani kiyi wanu mumuyang'ane bwinobwino. Ngati ndi wamtali uja wa loko wa m'chitseko, muona kuti pamutu pake padindidwa zilembo ndi nambala. Aliyense amene waiona nambalayo akhoza kulowa mu hardware, kuitchula, n'kugula kiyi wofanana ndendende popanda womufunsa. Ndiye werengani amene anakhalamo m'chipindacho inu musanalowe, ana a alandilodi, ndi mnzanu uja munamusiyira kiyi tsiku lina. Mukalowa chipinda chatsopano, musanagule n'komwe matiresi, sinthani loko. Alandilodi auzeni mwaulemu, musawabisire. Dziwaninso kuti lamulo la lendi la dziko lino, Rental Housing Act la 1999, silimawalola kulowa m'chipinda chanu mmene afunira kapena kukutsekerani kunja. Zikavuta kuli Rental Housing Tribunal, bungwe la boma loweruza mikangano ya lendi, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere.

Amene mumatseka ndi loko wopachika, apa ndikhalitsepo pang'ono. Munthu amagula loko wamkulu wonyezimira, koma kachitsulo kopachikapo lokoyo wakamangirira ndi timasikuluwu tinayi tooneka panja. Wakuba loko wanuyo samukhudza n'komwe. Amangomasula timasikuluwuto mwakachetechete, chitseko chatseguka, woyandikana naye osamva kanthu. Chofunika ndi mabawuti a mutu wosalala obowola chitseko mpaka mkati, manati ake akamangidwire m'chipinda. Ku Cashbuild kapena mu hardware iliyonse ya m'dera lanu alipo, ndipo mtengo wake sufika pa wa lokoyo. Loko amene ndimamukhulupirira ine ndi wozungulira uja, chifukwa kachitsulo kake kamabisika, chodulira sichipeza pogwira. Mafelemu a chitseko akakhala ofumbwa, yambani ndi amenewo. Usiku mukakhala mkati, mpiringidzo wa thabwa lolimba ngati wa kumudzi uja umagwira ntchito mpaka lero, ndipo thabwa lake mukhoza kulitola pamalo omanga mutapempha kwa akapitawo.

Koma achimwene, achemwali, chitsulo pachokha sichikwana ngati m'chipindamo muli chokopa. Vuto lathu ndi ndalama za m'matiresi. Ambiri alibe akaunti ku banki chifukwa cha mapepala, ndiye malipiro a miyezi ingapo amagona pansi pa pilo kapena m'chitini cha shuga. Mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi, amene tinkakhala naye bwalo limodzi, anasonkhanitsa katundu wa ulendo wa Disembala: TV, mabulangete, njinga ya mwana, ndalama za malata. Katoni ya TV anaisiya pageti. Tsiku lonyamuka analilemba pa WhatsApp, n'zithunzi za katundu zomwe. Kutatsala pang'ono kuti anyamuke, atabwera kuntchito anapeza chitseko chili chotseka bwinobwino, loko ali m'malo mwake, koma mkati mwayera. Ndinamupeza atakhala pansi pasimenti, m'manja atagwira tikiti ya basi ya ku Park Station, osalankhula. Amene tonse tinamuganizira anali mnzake wa m'mudzi umodzi amene mnyamatayo anamusunga atangofika kumene kuchokera ku Malawi. Nkhaniyo sinapite patali, chifukwa makolo awo kumudzi ndi apachibale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Sindikunena kuti tileke kulandira abale, ayi. Tonsefe tinafika kuno titasungidwa ndi wina. Koma mlendo mumupatse malo ogona ndi chakudya, asadziwe pamene pamakhala pasipoti ndi ndalama. Ndalama zitumizeni kumudzi pang'onopang'ono kudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa. Amadulako inde, koma zodulidwazo n'zochepa poyerekeza ndi kutaya thukuta la chaka chonse usiku umodzi. Tsiku lolandira chipereganyu lisadziwike bwalo lonse. Katundu wa kumudzi mukagula, mupititseni msanga kwa wonyamula katundu amene mumamukhulupirira, asaunjikane m'chipinda.

Amene amaona zonse pabwalo ndi mayi uja amakhala pakhomo masana, kaya ndi Mzulu, Msotho kapena wa ku Zimbabwe. Mupatseni moni m'chilankhulo chake, mudziwane. Loko wopachika panja amauza aliyense wodutsa kuti mwini wake kulibe, ndiye pafunika maso a munthu. Pabwalo pathu tinagwirizana kuti aliyense akhale ndi wenzulo, ndipo geti lizitsekedwa nthawi imodzi. Magetsi akazima, kanyale ka sola koyaka kokha munthu akamadutsa kamathandiza kwambiri pamdima wa kuseri kuja.

Zikachitika, nambala ya apolisi ndi 10111, kapena 112 pafoni ya m'manja. Lero lomwe dinani *#06# pafoni yanu, mulembe papepala nambala imene ituluke, yotchedwa IMEI, yozindikiritsa foniyo. Foni ikabedwa, a netiweki yanu amaitseka ndi nambala imeneyo n'kukupatsani nambala ina imene apolisi amaifuna potsegula mlandu. Pasipoti ijambuleni, chithunzicho mutumize kwa m'bale wanu kumudzi.

Tsopano chinthu chimene chimandisowetsa tulo. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, m'katikati mwa tauni, inapsa, ndipo anthu 76 anafa. Pakati pawo panali Amalawi anzathu. Ena anafera pageti lachitsulo lokhoma, atathamangira pomwepo kuti atuluke. Mageti oterewa timawakhoma poopa akuba. N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikalowa m'chipinda cha mnzanga n'kupeza zenera lili ndi zitsulo zowotcherera, chitseko chili ndi maloko awiri, tcheni pamwamba, pakona sitovu ya parafini ndi kandulo, makiyi ali m'thumba la buluku limene lili penapake mumdima. Utsi ukadzaza, maso saona, ndipo mpata wofufuza m'matumba palibe.

Khomani msomali pafupi ndi chitseko, poti dzanja lochokera pazenera silingafike koma mwana wanu akhoza kufikira, makiyi onse azigona pamenepo usiku uliwonse. Ngati mukuwotcheretsa zitsulo pazenera, muuzeni wowotcherayo kuti mbali imodzi ikhale yotseguka ndi loko wa mkati. Ana musamawakhomere kunja ndi loko wopachika mukamapita kuntchito ya usiku, chonde, asiyeni kwa mnzanu. Ndipo amene mukukhala m'nyumba zosanja za ku Hillbrow, Berea ndi m'tauni, funsani lero lomwe kuti kiyi wa geti la pansi amasunga ndani, ndipo amagona chipinda chiti. Akakuyankhani mozemba, sonkhanani alendi nonse mudulitse makiyi anuanu. Tsalani bwino, tidzamvananso sabata yamawa.