Zidutswa za chitenje kuchokera ku Mchinji mpaka kunja: mtengo wake muziuwerenga bwanji?

(Patebulo pali zitenje zopindapinda, mikanda m'timabotolo ndi kasikelo ka kukhitchini.)

Muli bwanji nonse? Tili pa Boma pano, ku Mchinji. Kasikelo mukukaonaka ndi kamene kamalamula bizinesi yanga yonse.

Ine sindisoka. Ndimagulitsa kwa osoka: zidutswa za chitenje, mikanda, ulusi. Ogula ambiri ndi amayi athu omwe ali ku Johannesburg ndi ku UK, ena ndi azungu osoka zofunda za zigamba.

Mwina mukuti, bwanji osatumiza madengu a mlaza, poti ndi okongola? Otumiza katundu salipiritsa kukongola, amayang'ana kulemera ndi kukula kwa bokosi. Dengu ndi lopepuka koma limadya malo, komanso popeza mlaza ndi chomera, mayiko ena amafuna chikalata chotsimikiza kuti mulibe tizilombo. Chitenje mumangochipinda, n'kulowetsa mu envulopu, basi.

(Akutsegula kope lakutha m'mbali.)

Tsopano mverani apa, chifukwa ndi pamene ndinapsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inafika pa K1,700. Ine n'kuti nditalonjeza kale kasitomala wina mtengo wa makwacha, katundu n'kutumiza. Nditawoloka pa boda ya Mwami kukaoda ku Chipata, m'dziko la Zambia, ndalama ija sinakwane kugula zitenje zomwe ndinagulitsa. Ndinabwerera ndi chikwama chopwepwa, m'kope mutalembedwa kuti ndapindula!

Kuyambira pamenepo mtengo ndimautchula m'ndalama ya wogula, kaya ndi randi, kaya ndi paundi. Ndipo powerenga sindifunsa kuti ndinagula zingati dzulo, ndimafunsa kuti mawa ndikagula zingati. Pamwamba pake ndimaikapo minibasi ya ku Lilongwe, pafupifupi makilomita 110 ulendo umodzi, ndi data yotumizira zithunzi. Ambiri transipoti amaiwala, ngati kuti kondakitala ndi mlamu wawo.

Ndalama imabwera pa Mukuru kapena WorldRemit. Isanalowe, lumo silikhudza nsalu, ngakhale wogulayo akhale wa kumpingo kwathu.

Amene mukufuna msika wa ku America, dziwani kuti kuyambira mu Ogasiti 2025 timaphukusi ta pansi pa madola 800 sitilowanso opanda msonkho. Muuzeni wogula asanalipire, asakadzidzimuke pakhomo pake.

Za kopeli: foni yanga inabedwapo mu minibasi, makasitomala onse ali momwemo. Pano dzina lililonse, nambala yake ndi mtundu wa nsalu imene amakonda ndimalemba ndi bolopeni.

(Akuika zidutswa pa sikelo, akuchotsapo chimodzi.)

Mwaona? Kachidutswa aka kakanandidumphitsa kupita pa mtengo wina wotumizira. Kadikire oda ya sabata yamawa.